Bola Kupita: Mawu Omwe Akutigulitsa Motchipa

Pali mawu awiri omwe ine ndatopa nawo: "bola kupita." Yambitsani nkhani ya ntchito za kunja pakati pa achinyamata omwe anaphunzira za marketing ndi kutsatsa malonda, simutha mphindi zisanu mawuwa asanatuluke. Wina wangomva kuti ku America kuli lamulo loti kampani ikafuna kulemba mlendo pa viza ya H-1B, iyenera kumulipira ndalama zofanana ndi zomwe eni nthaka amalandira pa ntchito yomweyo. Pompo mtima wamuwawa. Akuti lamuloli ndi tsankho lovala suti. Akuti anakweza dala mpanda kuti ife a kuno tisadumphe. Akuti, "Aise, ine atangondipatsa theka la zomwe amalandira mzungu, sindingadandaule olo pang'ono. Bola madola. Bola kupita."

Ine ndikukana, ndipo ndikanitsitsa. Lamulo limeneli, lomwe eni ake amalitcha prevailing wage, ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zedi m'malamulo a dzikolo zomwe mlendo angazigwire ngati chishango. Mlandu wanga ndi lamuloli ndi wina: chishangocho n'chobookabooka. Koma kupempha kuti achichotseretu kuli ngati kudandaula kuti denga likudontha, kenako n'kuitana anthu kuti adzalisasule mvula ili mkati.

Tiyeni tiyambe ndi momwe zinthu zimayendera, poti ambiri olalata pa nkhaniyi sanaonepo ngakhale fomu imodzi. Viza ya H-1B inabwera ndi lamulo la mu 1990, ndipo ndi ya ntchito zofuna digiri ya phunziro lodziwika. Chaka chilichonse pamatuluka malo atsopano 65,000, ndipo pamwamba pake pali ena 20,000 a anthu omwe anatenga masters kapena kuposa apo m'mayunivesite a ku America komweko. Ofuna amachuluka kuposa malowo, n'chifukwa chake pamachitika lotale. Oposa 70 mwa anthu 100 alionse omwe amapatsidwa vizayi ndi a ku India; ife a kuno ndife kadontho chabe. Choti mugwiritse ndi ichi: vizayi simudzipemphera nokha. Imapemphedwa ndi kampani, ndipo imakumangirirani ku kampaniyo.

Kampani isanapite ku USCIS, ofesi yomwe imavomereza kapena kukana pempho la vizayi, imayenera kudutsa kaye ku Department of Labor, unduna wawo wa za ntchito, ndi chikalata chotchedwa Labor Condition Application, mwachidule LCA. M'chikalatamo bwana amalonjeza kuti adzalipira mlendoyo chachikulu pa ziwiri izi: ndalama zomwe kampaniyo ikulipira kale antchito ake ena a luso lofanana pa ntchito yomweyo, kapena ndalama zomwe ntchito imeneyo imalipidwa m'dera limenelo. Chachiwirichi ndiye prevailing wage. Tingoti mtengo wa pamsika.

Tsopano tengani manijala wa kutsatsa malonda. Uyu ndi munthu amene amakonza kampeni, kugawa bajeti pakati pa TV, wailesi, zikwangwani ndi intaneti, kuyang'anira olemba mawu ndi ojambula, ndi kukaima pamaso pa kasitomala malonda akakana kuyenda. Boma la America linapatsa ntchito iliyonse nambala yake, ndipo iyi ndi 11-2011, Advertising and Promotions Managers. Ofesi ya Bureau of Labor Statistics imafunsa makampani m'dziko lonse zomwe amalipira, ndipo pa zaka zaposachedwazi manijala wapakatikati pa ntchitoyi wakhala akulandira ndalama zoposa $120,000 pa chaka.

Ndikudziwa, mwayamba kale kuzisandutsa makwacha pa foni yanuyo. Siyani kaye. Lendi ya ku New York salipira makwacha. Msonkho, inshulansi ya kuchipatala, thiransipoti, chakudya, zonse zimabwera pa mtengo wa komweko. Munthu amene wavomera theka la malipiro wavomeranso kugula buledi pa mtengo wathunthu. Masamu a "bola madola" amayenda bwino mukadali ku Area 25 kapena ku Ndirande. Mukangotsika ndege amafa.

Koma nkhani ya lendi ndi yaing'ono. Yaikulu ndi yoti mlendo wotchipa sakhala wantchito chabe, amasanduka chikwapu. Bwana amene wapeza munthu waluso pa theka la mtengo samulemba chifukwa chomukonda. Amamulemba kuti enawo muofesimo aphunzire kukhala chete ikafika nthawi yopempha kukwezedwa malipiro. Ndipo mkwiyo wa enawo sugwera bwana, umagwera iwe wobwerawe. Mu 2015 kampani ya Disney ku Orlando inachotsa ntchito anthu pafupifupi 250 a za makompyuta, ndipo ena mwa iwo anauzidwa kuti aphunzitse kaye alendo omwe anabwera kudzera m'makampani ena kudzalowa m'malo mwawo. Nkhaniyo inatchuka dziko lonse. Kunena zoona, ndani anatukwanidwa kwambiri pa intaneti? Amene anasayina chisankhocho anapitiriza kudya bwino. Chidani chinatsalira mlendo, ndipo chidani chimenecho ndi chomwe andale amakolola lero potseka zitseko.

Ife Amalawi sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi munthu. Tinazionapo ndi maso. Agogo athu anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe eni migodi ya golide ku South Africa anakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Cholinga chake chachikulu chinali choti migodi isamapikisane polemba anthu, chifukwa ikapikisana malipiro akwera. Kunali bwino kwa iwo kukatenga anthu kutali, ku Nyasaland ndi ku Mozambique, komwe umphawi ndi msonkho zinali zitafewetsa kale mitima. Katswiri wa zachuma wa ku University of Cape Town, Francis Wilson, anaonetsa m'buku lake la mu 1972 kuti ukayang'ana zomwe ndalamayo inkatha kugula, malipiro a anthu akuda m'migodi ya golide mu 1969 sanali apamwamba kuposa a mu 1911. Zaka 58, osasuntha.

Taganizirani bwino. Bambo aliyense amene anakwera ndege ya Wenela anali ndi chifukwa chomveka. Ankafuna njinga, wailesi, malata, fizi ya ana. Aliyense payekha ankanena zoona akamati bola kupita. Koma onse pamodzi ndiwo anali njira yomwe eni migodi anagwiritsa ntchito kupondereza malipiro kwa zaka zonsezo, a iwo eni ndi a anzawo a ku South Africa. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodimo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. M'zaka zotsatira, mtengo wa golide utakwera, Mozambique italandira ufulu mu 1975, ndiponso anthu otchipa atasowa, malipiro m'migodi anakwera kangapo konse. Ndalama zinalipo. Chomwe chinkasowa chinali chowakakamiza kuzitulutsa.

Ndiye wina akamandiuza kuti manijala wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare azilolera theka la mtengo ku Chicago, ine ndimangomva fungo la Wenela yovala taye. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsopano musaganize kuti ndikuimbira m'manja lamulo la ku America momwe liliri. Ayi ndithu. Tiyeni tiwerenge mabowo ake.

Bowo loyamba ndi masitepe. Kuyambira pa lamulo la mu 2004, prevailing wage ili ndi masitepe anayi, Level I mpaka Level IV. Tangoyerekezani mamanijala 100 a kutsatsa malonda a mumzinda umodzi atafola mzere, wolandira zochepetsetsa ali nambala 1, wolandira zochuluka ali nambala 100. Level I imagwera pafupi ndi munthu wa nambala 17. Level II ili cha pa 34. Level III ili pa 50, pakati penipeni. Level IV, yomwe akuti ndi ya katswiri wokhwima, ili cha pa 67 basi. Ndiye kuti masitepe awiri mwa anayiwo ali pansi pa munthu wapakati. Bwana akhoza kukulipirani ndalama zomwe anzanu 83 mwa 100 akuziposa, n'kukhala kuti sanaphwanye lamulo lililonse. Mtengo wa pamsika wanji umenewo?

Ndipo mabwana sachita manyazi kugwiritsa ntchito bowoli. Mu 2020 bungwe la Economic Policy Institute linatulutsa kafukufuku wa Daniel Costa ndi Ron Hira, yemwe anapeza kuti malo 60 mwa 100 alionse a H-1B omwe undunawu unavomereza m'chaka cha boma cha 2019 anali pa Level I ndi Level II.

Amasankha sitepe ndani? Bwana ndi loya wake. Ndipo apa mpomwe pali chinyengo chovomerezeka: sitepe imatengera zomwe ntchitoyo ikufuna monga zalembedwera pa pepala, osati zomwe munthu wolembedwayo ali nazo. Mukhoza kukhala kuti mwayendetsa makampeni akuluakulu ku Johannesburg kapena ku Nairobi kwa zaka khumi, koma ngati pepala likunena kuti ntchitoyo imafuna digiri ndi kachidziwitso kochepa, zaka zanu khumizo bwana wazipeza ulere. Adzazigwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma sadzazilipira.

Pa ntchito ya umanijala nkhaniyi imafika poseketsa. Malangizo a undunawu amafotokoza Level I ngati ya munthu wongoyamba kumene, wogwira ntchito wamba zosafuna kuganiza mozama, woyang'aniridwa pafupipafupi. Koma abale, manijala wotani ameneyo? Munthu woti wapatsidwa bajeti ya kasitomala ndi gulu la anthu kuti alitsogolere, yemweyo akhalenso wosaloledwa kuganiza yekha? Mu 2017 a USCIS anayamba kufunsa makampani ambiri funso lofanana ndi limeneli: ngati ntchitoyo ndi yovuta mpaka kufuna digiri yapadera, bwanji mwaiika pa Level I? Funso labwino. Kungoti amene anamva kuwawa kwake anali ofuna ntchito omwe mapepala awo anachedwa kapena kukanidwa, pomwe mabwana anangophunzira kulemba mochenjera.

Bowo lachiwiri ndi dzina la ntchito. Pafupi ndi 11-2011 pali nambala ina, 13-1161, Market Research Analysts and Marketing Specialists. Munthu wapakatikati pa ntchito imeneyo salandira ndalama zofika $80,000 pa chaka. Mwaona kusiyana kwake? Aliyense amene anagwirapo mu agency akudziwa kuti malire a pakati pa specialist ndi manijala ndi osaoneka bwino. M'mawa ukusanthula manambala a kampeni, masana ukutsogolera msonkhano, madzulo ukupepesa kasitomala. Malangizo amanena kuti ntchito ikasakaniza maudindo awiri, atenge nambala ya malipiro okwera. Koma pepala amalemba ndi bwana. Pa khadi la bizinesi akulembani manijala kuti kasitomala akulemekezeni, pa LCA akulembani specialist kuti thumba lake lipume.

Bowo lachitatu ndi dera. Mtengo umawerengedwa molingana ndi mzinda womwe ntchito ikagwiridwe, ndipo izi n'zomveka, poti moyo wa ku San Francisco si wa m'katauni ka ku Ohio. Koma ntchito yotsatsa malonda masiku ano imayenda pa laputopu. Kampani ikhoza kukukhazikani m'dera lotchipa uku mukutumikira makasitomala a ku Manhattan omwe akulipira mitengo ya ku Manhattan. Phindu la kusiyanako silifika kwa inu.

Bowo lachinayi ndi mlonda wogona. Lamulo limapatsa undunawu masiku 7 a ntchito kuti uvomereze LCA, ndipo chomwe umaloledwa kuyang'ana ndi choti fomu yadzazidwa yonse komanso ilibe zolakwika zoonekeratu. Sapita kukaona ngati specialist uja akugwiradi ntchito ya specialist. Kwa zaka zambiri kufufuza kwenikweni kwakhala kukuyamba makamaka wina akadandaula. Palinso kanthu kena komwe ambiri sadziwa: pa H-1B makampani ochuluka sakakamizidwa n'komwe kuonetsa kuti anayamba afunafuna mwini dziko. Zimenezo zimafunika pa green card. Pa H-1B zimakhudza makamaka makampani odzaza ndi antchito a vizayi, ndipo nawonso amamasuka ngati mlendoyo ali ndi masters kapena akulandira $60,000 pa chaka. Nambala ya $60,000 imeneyi inaikidwa mu 1998. Ambiri mwa inu munali musanabadwe.

Bowo lachisanu ndiye lalikulu kuposa onse, chifukwa ndi lomwe limachititsa kuti enawo asatsekeke. Ndi chingwe. Vizayi imaperekedwa kwa zaka zitatu, n'kuwonjezeredwa mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kukhala kwanu m'dzikomo kumadalira ntchitoyo. Akakuchotsani, muli ndi masiku osaposa 60 oti mupeze kampani ina yovomera kukupempherani viza, apo ayi longedzani. Pa pepala ufulu muli nawo. Mukhoza kudandaula ku Wage and Hour Division pa fomu ya WH-4 pasanathe miyezi 12, ndipo lamulo limaletsa bwana kukubwezerani chipongwe. Koma tiyeni tikambe ngati anthu. Muli ndi mwana kusukulu, muli ndi mayi kumudzi omwe akudikira ndalama ya feteleza, green card yanu ili m'manja mwa bwana yemweyo. Mukasuma? Shuwa? Ambiri amameza malovu n'kubwerera pa desiki. Bwana amadziwa zimenezi kuposa inu, ndipo mantha anuwo ali m'bajeti yake.

Nanga andale achitapo chiyani? Mu October 2020 boma la Donald Trump linakweza masitepewa mwadzidzidzi, Level I kufika pa nambala 45, Level IV pa 95. Makhoti anagwetsa lamulolo mu December chaka chomwecho chifukwa linadumpha ndondomeko yomva kaye maganizo a anthu. Mu January 2021 anatulutsa lina lofewerako, Level I pa 35, Level IV pa 90. Boma la Joe Biden litalowa linaliimika kaye, ndipo khoti linalithetsa mu June 2021. Masitepe a 17, 34, 50 ndi 67 anatsala momwemo.

Onani sewero lake. Mbali imodzi inkafuna kukweza malipiro, koma aliyense ankaona kuti mtima wake unali pa kuchepetsa alendo. Mbali inayo imadzitcha bwenzi la alendo, koma inasiya mlendo pa nambala 17, pomwe makampani akuluakulu ankafuna kuti akhale. Wina sakukufuna, wina akukufuna wotchipa. Woti akufune pa mtengo wako weniweni sanaoneke.

Kenako mu September 2025 Trump analamula kuti pempho latsopano la H-1B la munthu yemwe ali kunja kwa America lizilipiridwa $100,000. Mwezi wa August chaka chomwecho, Malawi ndi Zambia anali mayiko oyamba kuikidwa pa ndondomeko yoti ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azisiya chikole chofika mpaka $15,000. Anzanga a "bola kupita", ngati mukufuna mpanda woti muukwiyire, ndi umenewu. $100,000 imeneyo siilowa m'thumba la wantchito. Siigula buledi wa mwana wake. Imapita ku boma. Prevailing wage imauza bwana kuti lipira munthuyu mokwanira. Chindapusa chimauza bwana kuti lipira boma chifukwa cha munthuyu. Kusakaniza ziwirizi ndi ulesi wa kuganiza.

Ndikudziwa chomwe mukufuna kundibwezera, ndipo si chopanda pake. Mukuti: ukakweza malipiro okakamiza, ka agency kakang'ono sikangakwanitse, ndipo mnyamata kapena mtsikana wongomaliza kumene sukulu sangalembedwe. Zitseko zichepa. N'zoona, zina zimatsekekadi. Ku Britain, komwe abale athu ambiri ali, zinachitika. Mu April 2024 anakweza malipiro ochepetsetsa a Skilled Worker visa kuchoka pa £26,200 kufika pa £38,700, ndipo mtengo wa ntchito iliyonse, womwe iwo amautcha going rate, anausuntha kuchoka pa munthu wa nambala 25 kufika pa wa nambala 50. Mu July 2025 malirewo anafika pa £41,700. Alipo omwe maloto awo anathera pomwepo, ndipo sindingawaseke.

Koma taonaninso khomo lotchipa la ku Britain komweko, la ntchito yosamalira okalamba. Malipiro ake anali otsika, chingwe chake chinali cholimba, ndipo tonse tikudziwa zomwe zinatuluka. Anthu a ku Zimbabwe, Nigeria, India ndi kwina anagulitsa malo ndi magalimoto kuti agule makalata a sponsorship omwe lamulo silinalole kuti agulitsidwe. Ena anafika n'kupeza ntchito kulibe. Ena anapatsidwa maola ochepa n'kuopsezedwa kuti akalankhula viza yatha. Boma linalanda ziphaso makampani mazanamazana, antchito zikwi zambiri anatsala m'malere, ndipo mu July 2025 khomolo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Khomo lotchipa linadya anthu, kenako linatsekedwabe.

Ndipo pa nkhani ya ongoyamba kumene, Britain yomweyo ili ndi njira yomveka kuposa ya America. Munthu wosafika zaka 26 kapena wongomaliza maphunziro akhoza kulipidwa 70 pa 100 ya going rate, kwa zaka zosaposa zinayi. Kuchotsera kumeneko kumatsatira munthuyo ndi msinkhu wake pa ntchito, ndipo kuli ndi tsiku lothera. Ku America kuchotserako kumatsatira pepala lomwe bwana walemba yekha. Wongoyamba azilipidwa ngati wongoyamba, palibe akukana. Koma manijala si wongoyamba.

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chifukwa chonse chomwe makampani amapereka popempha ma viza amenewa ndi chimenecho: akuti munthuyu ali ndi luso lomwe tikulisowa. Pa kutsatsa malonda zikhoza kukhala zoona ndithu. Munthu amene anaphunzira kugulitsa katundu kwa anthu omwe bando yawo imatha pakati pa vidiyo, amene amadziwa kulankhula ndi msika wa zinenero zisanu, amene anaona momwe ndalama za pa foni zinasinthira malonda kuno kwathu, ali ndi kanthu komwe anzake a ku Madison Avenue alibe. Chabwino. Ngati kalumo kake n'kakuthwa, kalipireni ngati kakuthwa. Chinthu chosowa sichitchipa pamsika uliwonse womwe ine ndikuudziwa. Kampani yomwe ikunena kuti luso lanu n'losowa, koma ingakulembeni pokhapokha mutakhala pa nambala 17, yanama pa chimodzi mwa ziwirizo.

Tisaiwale kudziyang'ana pagalasi. Kuno kwathu timadandaula tsiku ndi tsiku za alendo obwera pa Temporary Employment Permit kudzakhala mamanijala pa ntchito zomwe Amalawi angathe. Nthawi zina dandaulo ndi loti mlendo akulandira kuwirikiza kangapo kuposa Mmalawi yemwe akumuphunzitsa ntchitoyo, pamwamba pake nyumba ndi galimoto. Nthawi zina ndi loti bwana wabweretsa m'bale wake wosalankhula, womvera chilichonse chifukwa pasipoti ndi chilolezo chake zili m'manja mwa bwanayo. Zonse ziwirizi zimatipweteka, ndipo tili ndi chifukwa. Ndiye sitingafune chilungamo ku Blantyre n'kumapempha kuti chichotsedwe ku Boston chifukwa choti ulendo uno mlendo ndife. Mfundo ndi imodzi kulikonse: ntchito yofanana, malipiro ofanana, posayang'ana pasipoti.

Zomwe ine ndikufuna n'zosavuta kunena. Manijala wolembedwa kuchokera kunja asalipidwe pansi pa munthu wapakati pa mzere uja. Sitepe itengere zaka ndi luso la munthu weniweniyo. Undunawo uzipita kukaona ngati dzina la pa LCA likugwirizana ndi ntchito ya pa desiki, osadikira kuti wamantha ayambe walankhula. Nambala ya mu 1998 ija isinthidwe. Ndipo koposa zonse, chingwe chimasulidwe: munthu akhale ndi nthawi yokwanira yosaka ntchito ina, ndipo njira yake ya green card isakhale m'thumba la bwana mmodzi. Wantchito amene angathe kunyamuka n'kupita kwa opikisana nawo safuna mlonda wambiri. Msika womwewo umamulipira.

Ife sitivota ku America, ndikudziwa. Koma pali zomwe zili m'manja mwathu. Ngati mwayi wotere wakupezani, inu kapena m'bale wanu, funsani LCA. Lamulo limakakamiza bwana kukupatsani kope yake pofika tsiku lomwe mukuyamba ntchito, ndipo palibe choletsa kuipempha msanga. Yang'anani zinthu zitatu: nambala ya ntchito, sitepe, ndi dera. Manambala a prevailing wage ali poyera pa webusayiti ya Department of Labor, amasinthidwa pa 1 July chaka chilichonse, ndipo aliyense akhoza kuwaona pa foni. Dziwani kuti bwana saloledwa kukukhazikani pansi osalipidwa chifukwa choti makasitomala achepa. Saloledwa kukulipiritsani chindapusa cha $750 kapena $1,500 chomwe lamulo linaika pa mutu pake. Akakuchotsani nthawi isanakwane, tikiti yobwerera kwanu ndi udindo wake. Ndipo prevailing wage ndi pansi pa malipiro, pomwe kukambirana kumayambira. Musaitenge ngati denga.

Mwina mudzapitabe pa Level II chifukwa ndi zomwe zilipo, ndipo ine sindidzakuweruzani. Njala siidikira kuti malamulo akonzedwe. Chomwe ndikukana ndi kuchemerera. Ndikukana kuti tiziyamika munthu amene watidula mtengo, n'kumatukwana lamulo lokhalo lomwe likumuuza kuti pali malire. Agogo athu ankadinda chala pa kontrakiti yomwe sankatha kuiwerenga, ndipo panalibe powonera zomwe golide wawo ankagulidwa ku London. Ife timawerenga, ndipo mtengo wa ntchito yathu uli m'manja mwathumu, pa foni yomweyi. Kudzigulitsa motchipa uku manambala tikuwaona kulibe dzina lina labwino. Tisiye kunena kuti bola kupita, tiyambe kufunsa kuti akulipira zingati, pa sitepe iti, ndipo mnzanga wa desiki yoyandikana akulandira zingati.